Kuperekeza ophunzira a ku yunivesite m'makomo a ku Kanyama

Ndili m'komiti ya zaumoyo kuno ku Kanyama, komboni ya mu mzinda wa Lusaka ku Zambia, ndiye ophunzira a ku yunivesite akatumizidwa kudzaphunzira ntchito pakati pa anthu, nthawi zambiri wowaperekeza ndimakhala ine.

Amayamba ndi kalata ya kusukulu kwawo, n'kuipereka kwa a sisita oyang'anira kiliniki. A sisita amatiitana ife a komiti, timadziwitsa akuluakulu a m'zoni, kenako n'kugawana makomo. Izi sizichedwa.

Ntchito yeniyeni ili pakhomo. Tisanalowe ndimawauza ana aja kuti mapepala akhale kaye m'chikwama. Wonena "Odi!" ndi ine, chifukwa nkhope yanga amaidziwa. Ophunzirawo ndimawalangiza kuti: mayi wa pakhomo akatulutsa mpando, khalani, perekani moni, nenani kwanu ndi chimene mwadzera, ndipo muwauze kuti akhoza kukana. Anthu a kuno akaona mlendo wa cholembera m'manja amaganiza kuti chitsime chawo chapita, ndipo sindiwadzudzula. Pa kolera ya 2017 mpaka 2018 zitsime zosazama zinakwiriridwa, boma linaletsanso kuyenda usiku mu Kanyama. Ndiye funso lakuti madzi mumatunga kuti silifunsidwa poyamba. Yambani ndi ana, ndi makadi a sikelo. Za chimbudzi chimene mabanja angapo amagawana ndi za klorini m'zigubu zimabwera pakamwa patamasuka.

Akazolowerana, anthu amawakonda kwambiri. Ku kiliniki mzere ndi wautali, koma mwana wa sukulu amakhala pansi, kuwapima BP agogo, n'kumva madandaulo onse a miyendo osayang'ana wotchi.

Chimene chimawawa anthu n'china. Agogo ena anamugwira dzanja mtsikana amene ndinali naye, n'kumufunsa kuti, "Mwana wanga, anzako anandifunsa zomwezi chaka chatha. Anapita nazo kuti?" Mtsikanayo anasowa chonena. Agogowo ankanena zoona: mayankho athu amathandiza ana a eni kukhoza mayeso, ife n'kutsala osadziwa ngakhale chimene anapeza m'madzi athu.

N'chifukwa chake masiku ano, tisanaponde khomo loyamba, ndimapempha aphunzitsi awo atchule tsiku la msonkhano womaliza pa kiliniki, pamene ophunzira adzafotokoze m'Chinyanja zimene apeza, eni makomo ali pomwepo. Tsikulo likalembedwa m'buku la a sisita, m'pamene timayamba kuyenda.