Mmene ndinalumikizira draivu yachitatu pa Apple IIe

Kompyuta yanga ya Apple IIe, mtundu umene unatuluka mu 1983, inabwera ndi madraivu awiri a Disk II, makina owerengera ndi kulembera madisiki. Mbali imodzi ya disiki imanyamula 140 KB basi, choncho pogwira ntchito ndinkangokhalira kutulutsa iyi n'kulowetsa iyo. Nditapeza draivu yachitatu ndinachotsa chivundikiro cha kompyuta kuti ndione poilumikiza, koma khadi yoyendetsa madraivu ili ndi malo awiri okha, ndipo onse anali odzaza.

Malire amenewa ali m'kapangidwe ka khadiyo, imene Steve Wozniak, mmodzi mwa amene anayambitsa kampani ya Apple, anakonza mu 1978. Slot iliyonse, kutanthauza mpata wolowetsamo khadi mkati mwa kompyuta, imapatsidwa maadiresi 16 oti kompyuta izilamulira khadi. Pa khadi iyi, 8 amasuntha mutu wowerengera, 2 amayatsa ndi kuzimitsa mota, 4 ndi owerengera ndi kulemba. Otsala ndi awiri: mu slot 6, $C0EA imasankha draivu yoyamba, $C0EB yachiwiri. Yachitatu ilibe poiitanira. Ngakhale mutapanga chingwe chamtundu wanji sizingatheke, pamafunika khadi ina.

Khadi ndinaipeza, ndiye panatsala kusankha slot. Slot 7 inali yopanda kanthu ndipo inkakopa, koma ndinaisiya. Kompyuta imeneyi ikayaka imafufuza draivu kuyambira slot 7 kutsika m'munsi, ndipo yoyamba kuipeza ndi imene imayambirapo. Khadi yatsopano ikanakhala mu 7, DOS 3.3, pulogalamu yoyendetsa madisiki, ikanamafunidwa kumeneko, pamene mapulogalamu ambiri akale anazolowera kuti madisiki ali mu 6. Slot 3 nayo ayi, chifukwa imalimbana ndi khadi ya zilembo 80 pa mzere. Ndinasankha 5. Ndinazimitsa kaye magetsi, chifukwa timano 50 ta mu slot n'toyandikana kwambiri ndipo tina timanyamula 12V. Khadi ikapendekeka magetsi ali oyaka, machipi amapsa.

Pamene ndinachedwa kwenikweni ndi pa chingwe cha draivu. Mapini 20 a pa khadi ali pamtetete, palibe chotchinga choti chikuletseni kulakwitsa. Pulagi imalowa bwinobwino ngakhale mutalumpha pini imodzi kapena mzere wonse. Zikatero magetsi amadutsa njira yolakwika n'kuwotcha chipi cha 74LS125 mkati mwa draivu, ndipo draivu yotereyi ikhoza kumafufuta disiki iliyonse imene mwalowetsamo. Kunena zoona, apa a Apple anaumira pa kapulasitiki kotchipa. Ine ndinalumikiza chingwe khadi ili m'manja, isanalowe mu slot, chingwecho chikulozera kunja osati kutsamira khadi. Kenako ndinaunika ndi tochi mbali zonse kuti pasakhale pini yoonekera.

Poyesa sindinaike disiki yofunika. Ndinatenga kope imene sindikanaidandaula, n'kuyatsa. Kompyuta inayambira mu slot 6 monga kale, ndi phokoso lija logogoda la mutu ukubwerera pa njira yoyamba. Ndinalemba CATALOG,S5,D1, lamulo loonetsa mafayilo a mu draivu yoyamba ya slot 5. Kanyali kofiira ka draivu yatsopano kanayaka, mayina a mafayilo anatuluka. Ndinabweza disikiyo mu draivu yakale kuti nditsimikize kuti ikuwerengekabe, ndipo inali bwino.

Dziwani kuti DOS imakumbukira slot imene mwaitchula komaliza. Mukangolemba SAVE pambuyo pake, fayilo ipita ku slot 5 mpaka mutalembanso S6. Mukafuna kuyambira pa draivu yatsopanoyo, lembani PR#5.