Zilembo zanga za Chiarabu zayamba kugwirana

Sabata ino ndasiya kudumphadumpha pa mapulogalamu opangira fonti, kutanthauza zilembo za pakompyuta. Mwezi wathunthu unatha ndikusirira Glyphs, poti opanga zilembo za Chiarabu ambiri amaitama, koma imagwira pa Mac pokha, pomwe laputopu yanga ndi ya Windows. Ndakhazikika pa FontForge, yaulere. Maonekedwe ake ndi achikalekale, koma zomwe ndikufuna ikuchita.

Ndimayambira papepala, ndi cholembera cha bango chomwe ndinasema ndekha. Kadontho kopendekeka kamene nsonga yake imasiya ndiko muyeso wa zonse, kutalika kwa chilembo cha alif ngakhalenso kuya kwa chilembo cha noon. Kayezedwe kameneka amati anakakhazikitsa ndi Ibn Muqla wa ku Baghdad, m'zaka za m'ma 900. Ndikatha ndimajambula pepalalo ndi foni, n'kutsata mizere mu Inkscape, pulogalamu yojambulira, kenako n'kulowetsa mu FontForge.

Chiarabu chili ndi zilembo 28, ndipo zambiri zimaoneka mwa mitundu inayi: chikaima chokha, chikakhala koyambirira kwa liwu, pakati, ndi kumapeto. Poyamba ndinkajambula chimodzichimodzi mpaka msana kuwawa. Chonsecho beh, teh ndi theh thupi lawo ndi limodzi, amasiyana madontho basi. Noon ndi yeh nawonso amabwereka thupi lomwelo akakhala koyambirira kapena pakati. Panopa thupi ndimalijambula kamodzi, madontho paokha, n'kumangoitanitsa ngati reference, kutanthauza kuti chilembo chilichonse chimangoloza ku thupi limodzi lija. Ndikakonza pamodzi, onse akonzeka.

Lachitatu usiku ndinayesa liwu loyamba, bab, kutanthauza chitseko: beh, alif, beh. Ndinaliyesa ndi hb-view, kapulogalamu ka HarfBuzz koonetsa mmene liwu litulukire, chifukwa HarfBuzz yomweyo ndi imene imalumikiza zilembo mu Chrome ndi Firefox. Zinatuluka zilembo zitatu zotalikirana ngati anthu odana pamaliro. Vuto linali ine ndemwe: sindinalembe malamulo a init, medi ndi fina (koyambirira, pakati ndi kumapeto), amene amauza kompyuta mtundu woti isankhe. Nditawalemba, beh woyamba anafikira alif, koma pakati pawo panatsala kampata koyera, kopyapyala ngati tsitsi. Ndinakayang'anitsitsa mpaka tiyi kuzizira. Mizere yolumikizira sinali yofanana kunenepa, komanso inkangokhudzana nsonga. Ndaifananitsa yonse, n'kuilowetsana pang'ono, kampata kaja katha.

Beh womaliza anatsala yekha, ndipo ndinatsala pang'ono kuyamba kumukonza. Mwamwayi ndinakumbukira kuti alif ali m'gulu la zilembo zisanu ndi chimodzi zosagwira mnzake wotsatira, wakumanzere (Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere), pamodzi ndi dal, dhal, ra, zay ndi waw.

Ndikasokonezeka ndimatsegula Amiri, fonti ya Khaled Hosny, yotengera zilembo za nyumba yosindikiza mabuku ya Bulaq ku Cairo. Aliyense ndi wololedwa kuona m'kati mwake, ngakhale kuchuluka kwa malamulo ake kumandichititsa chizungulire.

Chotsatira ndi lam ndi alif, amene akakumana amasanduka chilembo chimodzi. Ndajambula kale kanayi, ndipo onse anayi akuoneka ngati sizasi.