Refu wosayang'ana mpira

Mwezi wa Okutobala ku Nchalo dzuwa lake simasewera, simenti ya pabwalo imatentha mpaka nsapato kumamata, ndiye tsiku limenelo ine ndinangopita kukaonera basketball basi, anyamata akwathu amamenya ndi timu yochokera ku Ngabu. Refu wachiwiri sanafike, akuti minibasi inawafera panjira. Madala ena ochokera ku Blantyre omwe amayimbira gemuyo anangondiloza poti ndinavala malaya otuwa, nkundipatsa wezulo.

Akuti, "Achimwene, ntchito yanu ndi yophweka. Mpira ukakhala kunja kuno ndi wanga. Inu imani kuseri kwa mzere, pansi pa ringi, muziyang'ana anthu opanda mpira. Uve wonse umachitikira kumeneko."

Ndipotu madala aja samanama. Enafe tikamaonera maso amangothamangira mpira, koma pansi pa ringi pali nkhondo ina yake. Nambala 7 wa kwathu, kamnyamata kakafupi kojintcha, anapatsidwa kuti azimaka chimunthu chachitali cha ku Ngabu, ndiye poti msinkhu sankafikira anapeza njira zake. Chigongono m'nthiti. Kuponda chala chachikulu. Wamtali uja akati adumphe, iye wagwira kale kabudula kumbuyo ndi zala ziwiri, nkhope ali phee ngati ali mu kwaya. Ine maso tong'oo, wezulo mkamwa, kumangodikira kuti akoke bwinobwino ndimugwire poyera aliyense aone kuti refu wapanoyu ndi dolo.

Mpira sindinauone nkomwe. Ndinangomva phaa! pakhutu lakumanzere, mutu kuti ziii, wezulo nkulira yekha. Bwalo lonse linafa nako kuseka, ngakhale ana ogulitsa mafilizesi anakhala pansi.

Tsono lamulo limati mpira ukagunda refu yemwe waima kunja kwa mzere, watuluka. Apa wezulo analira molondola ndithu. Vuto linali funso lomwe osewera onse khumi anandifunsa kamodzi: "Wa ndani refu?" Ndidziwa bwanji amene anaukhudza komaliza pomwe ine ndimalondera kabudula wa munthu? Ndinayang'ana madala aja, iwo angotambasula manja, akuti mzere umenewo ndi wanu achimwene. Zikavuta chonchi pamayenera kukhala kamuvi patebulo kosonyeza timu yoti itenge mpira, koma tebulo lathu linali desiki yothyoka mwendo ndi mnyamata wa kope yemwe nthawi imeneyo anali atapita kukamwa madzi pamjigo.

Basi ndinagulitsa katundu amene ndinali naye. Ndinakweza chibakera m'mwamba, ndikugwira dzanja langa pamkono kusonyeza kuti wina wagwira mnzake, nkuloza nambala 7. Mnyamata wa kope atabwera akupukuta kukamwa anawerenga timizere take nkunena kuti imeneyo ndi faulo yachisanu. Faulo zisanu munthu amatuluka, ndipo munali mu kota yachitatu, zigoli zili pafupipafupi.

Phokoso lake! Mayi ena a thobwa omwe anali atalonjeza kutimwetsa ulere ma refu tikamaliza anavundikira ndowa yawo nkuikhalira. Kumeneko ndiye ndinadziwa kuti nambala 7 ndi mwana wawo. Wamtali uja atamasuka kabudula anayamba kumwetsa mabasiketi motsatizana, anyamata athu anagonja.

Madala aja anandigwira paphewa akuti faulo ija inali yoona, kungoti ndinachedwa nayo ndi kota ziwiri, kenako anakwera galimoto yawo kulowera ku Thabwa. Ine khutu likulirabe ndinatsetsereka kumsewu kuti ndipeze kabaza, kunja kukuda, njinga yatsala imodzi. Woyendetsa atatembenuka, jezi ili paphewa, 7.

Anandiuza mtengo wowirikiza kawiri. Nditati ndidandaule anati, "Kwerani refu, koma panjira muziyang'ana kumbali, maenje ndiziona ndine."