Sabata imene sikopu yopyapyala inatisowa

Lolemba ndi Lachiwiri ntchito m'chipinda chathu chounikira m'mimba inayenda monga mwa masiku onse, kupatula kuti bambo wina tinawabweza chifukwa mankhwala otsuka m'matumbo anali atatha kufamase, ndipo amene anawapatsa m'malo mwake sanatsuke mokwanira. Chimene chandisautsa mpaka lero ndi cha Lachitatu.

Kunabwera mayi wina wa zaka za m'ma 50 amene anakhala akuona magazi m'chimbudzi kwa miyezi ingapo. Kalata yowatumiza kwa ife inangotchula za magaziwo, ndipo anawaika pamndandanda ngati wodwala wina aliyense wa colonoscopy, kumene ndi kuunika m'thumbo lalikulu ndi sikopu, kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kumutu kwake. Namwino powakonzekeretsa anapeza zipsera ziwiri pamimba, china chopingasa m'munsi, china chotsika kuchokera pamchombo. Mayiwo anafotokoza kuti anabereka kawiri kudzera pa opaleshoni, ndipo pambuyo pake anawachotsa chiberekero chifukwa cha zotupa. Anzanga apantchito mukudziwa zimene zimatsatira: mbali ya m'munsi ya thumbo lalikulu yotchedwa sigmoid imamatirira pamene panali chiberekero, ndipo m'malo mowongoka sikopu ikamadutsa, imakhala yomangika, yokhota mwamphamvu.

Titalowa masentimita pafupifupi 30, sikopu inaima, ndipo mayiwo anagwira dzanja la namwino mwamphamvu n'kunena kuti, "Adokotala, pepani, zikundipweteka ngati matenda a pobereka." Mnzathu amene akuphunzira ntchitoyi anapempha kuti tiwonjezere pethidine ndi midazolam, mankhwala ochepetsa ululu ndi ogonetsa, koma ndinakana. Pathumbo lomatirira, ululu ndiwo umatichenjeza kuti tayandikira kung'amba, ndipo kumugoneka tulo wodwala kuti tikankhe mwamphamvu ndi njira yobooletsa thumbo.

Ndinasiya kupopa mpweya, ndinayamwa umene unalimo, ndipo tinayamba kuthira madzi ofunda. Pampu yamadzi tilibe, choncho namwino ankadzaza sirinji ya mamililita 50 mobwerezabwereza mpaka zala zake zinatopa. Wodwala akagonera kumanzere, madziwo amatsikira okha kutsogolo, amatsegula njira popanda kufufumitsa thumbo, ndipo kulemera kwake kumachepetsa kukhota kwa sigmoid, pamene mpweya umalitalikitsa ndi kukulitsa makona. Kenako tinawagoneka chagada, namwino n'kukanikiza ndi chikhatho pamwamba pa chinena, ine ndikubweza sikopu pang'onopang'ono ndi kuipotolera kumanja kuti lupu, kutanthauza kupindika kwa sikopu m'thumbo, ichoke. Tinayesanso kuwagoneka kumanja, chifukwa nthawi zambiri kutero kumatsegula pamene sigmoid imakumana ndi thumbo lotsika. Ululu unachepa ndithu, koma kona imodzi inakana, pakuti sikopu ya akuluakulu, yonenepa pafupifupi mamilimita 13, sinkatha kuzungulira pamenepo.

Apa mpamene mkwiyo wanga wagona. Sikopu ya ana, imene ndi yopyapyala ndi yofewa koma yaitali mokwanira, ndiyo inkafunika. Tili nayo, koma inawonongeka kalekale, ndipo ili m'bokosi lake kudikira kuti akuluakulu asayine pepala loitumizira kokakonzetsa. Nthawi zonse tikafunsa amatiyankha kuti ana ofuna kuunikidwa ndi ochepa, ngati kuti dzina lake ndilo ntchito yake. Amene amaifuna kwambiri ndi amayi ochotsedwa chiberekero, anthu amene anang'ambidwa pamimba chifukwa cha kupotana kwa matumbo, vuto limene ndi lofala kuno, ndi amene matumbo awo anabooka ndi tayifodi.

Ndinatenga gastroscope, sikopu younikira m'chifu kudzera kukamwa, imene siposa mamilimita 10 ndipo mutu wake umapinda kwambiri. Inadutsa pakona paja mosavuta, ndipo pamwamba pake, m'thumbo lotsika, tinapeza chotupa chotuluka magazi, n'kutengapo tizidutswa tokayeza. Koma gastroscope ndi yaitali mita imodzi yokha ndi pang'ono, ndipo inathera m'thumbo lopingasa. Mbali yakumanja mpaka ku caecum, kumene kumayambira thumbo lalikulu, sitinaione, pamene madokotala a opaleshoni ayenera kudziwa ngati kulibe chotupa china asanadule. Mayi amene anabwereka ndalama ya minibasi, n'kugona ndi njala akumwa mankhwala otsuka, tinawauza kuti kuunikako sikunathe. Odwala a masana ofuna gastroscope yomweyo anadikira mpaka itatsukidwa, ndipo ena tinawasunthira mawa lake.

Lachinayi tinamaliza otsalirawo. Lachisanu kunabwera bambo wa chipsera chachitali chapakati, chimene chinasiya chophuka pamimba. Popeza nthawi imeneyi tinadziwiratu, tinawapatsa nthawi yowirikiza, tinayamba ndi madzi kuchokera pachiyambi, ndipo namwino anagwiriziza chophukacho ndi dzanja kuti thumbo lisalowemo pamodzi ndi sikopu. Tinafika ku caecum bambowo akucheza nafe.

Kuyambira tsopano wolemba mayina azifunsa wodwala aliyense ngati anachitidwapo opaleshoni yapamimba, ndipo zipatala zotitumizira odwala tazilembera kuti azitchula zimenezi m'kalata. Izi zili m'manja mwathu ndipo tazichita. Za sikopu ndalemberanso akuluakulu, ndipo nthawi ino ndalumikizapo lipoti la mayi aja, lokhala ndi mawu akuti caecum sinaonedwe komanso chifukwa chake.