Lachitatu: nambala ya 4096 m'kalasi ndi mu labu

M'mawa kunali phunziro la kapangidwe ka kompyuta, masana labu ya operating systems. Pa ndandanda ziwirizi zimalembedwa padera, koma lero zakumana pa nambala imodzi, 4096.

Ntchito ya m'mawa imaoneka yopepuka. Mumalemba pulogalamu ya C yokhala ndi matrix ya mizere 1024 yopingasa ndi 1024 yotsika, nambala iliyonse ndi int ya ma byte 4, zonse pamodzi 4 MB. Kenako mumaphatikiza manambala onse kawiri: koyamba poyenda chopingasa, kachiwiri chotsika. Yankho ndi limodzi, masamu ndi omwewo, koma njira yotsika imachedwa kangapo. Pomanga pulogalamuyi musagwiritse ntchito -O3, mlingo wapamwamba wofulumizitsa pulogalamu, chifukwa compiler ya GCC ikhoza kusinthanitsa yokha malupu awiriwo n'kubisa zimene mukufuna kuona. -O1 ndi yokwanira.

Purosesa sitenga byte imodzi yokha ku RAM. Imatunga chigawo chonse cha ma byte 64 chotchedwa cache line, momwe mumalowa ma int 16. Mukamayenda chopingasa mumadikira kamodzi, manambala 15 otsatira mumawapeza ali pafupi kale. Mukamatsika, sitepe iliyonse imalumpha ma byte 4096, ndipo pa 64 amene abwera mumagwiritsa 4 okha.

Ambiri amalekera pamenepa, koma nkhani ikadalipo. Tengani L1 cache, memory yaing'ono yofulumira ya mu purosesa, ya 32 KB yogawidwa m'magulu 64, gulu lililonse la malo 8. Chimene chimasankha gulu ndi ma bit 6 mpaka 11 a adiresi. Mukalumpha 4096, ma bit 12 apansi sasintha ngakhale pang'ono, ndiye mzere wonse wotsika umathithikana m'gulu limodzi. Line yachisanu ndi chinayi ikafika imatulutsa yoyamba, magulu ena 63 angokhala osagwira ntchito. Mankhwala ake ndi kutalikitsa mzere uliwonse kufika ma int 1040. Ma byte 64 owonjezerawo amasunthira mzere wotsatira ku gulu lina. Sizithetsa zonse, poti ma line 1024 ndi 64 KB ndipo sangakwane mu L1, koma L2, cache yotsatira yokulirapo, imawasunga bwino ndipo nthawi imatsika moonekeratu. Chotsalira ndi TLB, cache yaing'ono yokumbukira pamene masamba a memory ali mu RAM: 4096 ndi kukulanso kwa tsamba limodzi la memory, choncho pafupifupi sitepe iliyonse imagwera pa tsamba latsopano.

Masana tinapeza tsamba lomwelo, koma tikuliyang'ana kuchokera mu kernel, phata la operating system. Labu imagwiritsa ntchito xv6, kadongosolo kophunzitsira kamene kanalembedwa ku MIT mu 2006 potengera Unix Version 6, ndipo timakayendetsa pa QEMU, pulogalamu yoyerekezera kompyuta, ngati makina a purosesa ya RISC-V. Mu Sv39, njira ya RISC-V yomasulira maadiresi, adiresi ya ma bit 39 imadulidwa panayi: zigawo zitatu za ma bit 9 zimasankha malo amodzi mwa 512 pa gawo lililonse la page table (ndandanda yosonyeza pamene tsamba lili mu RAM), ma bit 12 otsala amaloza byte mkati mwa tsamba.

Ntchito inali yoti sbrk, system call imene pulogalamu imapemphera memory yowonjezera, isamapereke memory nthawi yomweyo, izingokweza p->sz (kukula kwa memory ya pulogalamu), tsamba lenileni liperekedwe pulogalamu ikalikhudza. Mukangosintha zimenezi n'kulemba echo hi, shell imagwa ndi page fault, kutanthauza kuti yakhudza tsamba losowa, ndipo scause, register yosunga chifukwa chake, imaonetsa 15. Musade nkhawa, apa ndiye poyambira. Nambala 13 imatanthauza kuti kuwerenga kwalephera, 15 kulemba, ndipo adiresi yolakwayo ili mu register ya stval. Mu usertrap, function ya kernel yolandira mavuto oterewa, onani kaye ngati adiresiyo ili pansi pa p->sz komanso siili pa tsamba lotchinga la pansi pa stack. Itanani kalloc kuti ipereke tsamba latsopano, ikabweza 0, iphani pulogalamuyo, osati kugwetsa kernel. Pukutani tsambalo ndi memset kuti likhale ndi ma 0 okhaokha. Ili si khalidwe chabe laukhondo: mukaiwala, pulogalamu ina ikhoza kuwerenga zimene inzake inasiya. Tsitsani adiresi kufika poyambira tsamba ndi PGROUNDDOWN, ndipo lumikizani ndi mappages mutaika PTE_R, PTE_W ndi PTE_U, zilolezo zowerenga, zolemba ndi zoti pulogalamu iligwire. Musawonjeze 4 pa epc, adiresi ya lamulo limene pulogalamu idzayambirenso, monga timachitira pa system call, chifukwa lamulo limene linalephera liyenera kubwerezedwa.

Pa makompyuta ambiri mu labu munali uthenga umodzi: panic: uvmunmap: not mapped. Kale tsamba lililonse la pansi pa p->sz linkakhalapo ndithu, ndiye uvmunmap, function yochotsa masamba, inkaona losowa ngati ngozi. Tsopano mipata ndi yololedwa, ndipo iyenera kungoidumpha, kaya walk, yofufuza m'page table, yabweza 0 kaya PTE_V, chizindikiro choti tsamba lilipo, palibe. Chimodzimodzi uvmcopy, yokopera masamba, apo ayi fork, imene imapanga kope la pulogalamu, imagwa. Amene anaiwala PTE_U anaona zina: tsamba lilipo, koma pulogalamu siloledwa kuligwira, imagwanso pa adiresi yomweyo, ndipo mappages imadandaula za remap, kulumikiza tsamba lolumikizidwa kale.

Vuto limene latidyera nthawi yaitali ndi lopanda phokoso. Pulogalamu ikatenga memory ndi sbrk n'kuipereka kwa read isanaikhudze, palibe panic, read imangolephera. Apa purosesa siinafunsidwe n'komwe. Ndi kernel imene imayenda yokha m'page table kudzera mu copyout ndi walkaddr, choncho page fault siichitika ndipo zonse zimene munalemba mu usertrap sizifikidwa. Njira yabwino ndi kuchotsa masitepe aja mu usertrap, kuwaika mu function imodzi, ndi kuiitana malo onse awiri: pa page fault, komanso pamene walkaddr yapeza tsamba losowa pa adiresi yovomerezeka. Mukatero yendetsani usertests, pulogalamu ya mayeso ya xv6, yonse, osati echo yokha, chifukwa muli mayeso opereka kwa kernel adiresi zolakwika dala, ndipo ndi amene amagwira aliyense amene sanayerekeze adiresi ndi p->sz.