Khoma la ku Bertrams ndi mtsinje wa Jukskei

Sabata yathayi tinali pa khoma la shopu ina ku Bertrams, kuno ku Joni, ine ndi achinyamata a m'deralo. Ambiri ndi ana a anzathu a ku Mangochi ndi ku Mzimba, obadwira konkuno, Chichewa chawo chosakanikirana ndi Chizulu. Ntchito yanga ndi yojambula pa makoma, ndipo lamulo langa ndi limodzi: munthu sagwira burashi asanaone ndi maso ake chomwe akufuna kujambulacho.

Choncho Lolemba penti sitinamutsegule. Tinatsetserekera ku Lorentzville, pafupi ndi Victoria Yards, pomwe mtsinje wa Jukskei umatulukira kuchokera pansi pa tawuni. Ena mwa anawa amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, koma ankangoyesa ngalande wamba yasimenti. Madzi ake ndi otuwa, onunkha za kuchimbudzi, odzaza mabotolo, matewera ndi majumbo. Ndinawauza kuti madzi omwewo amakadutsa ku Alexandra, komwe anasefukira mu November 2016 n'kukokolola tinyumba ta malata, kenako amakalowa mu mtsinje wa Crocodile mpaka ku damu la Hartbeespoort. Kumeneko zonyansazi zimasanduka manyowa a namasupuni, yemwe uja amativutitsa pa Shire ku Liwonde. Mtsikana wina anafunsa, "Ankolo, ndiye kuti zomwe timataya mu ngalande ya pakhomo zimakafika konseko?"

Lachiwiri tinapala khoma, kumata ming'alu, n'kupaka penti woyamba. Ndi ntchito yogwetsa ulesi, koma khoma lafumbi limasupula penti mvula ikangoyamba.

Mkangano unabuka Lachitatu. Anyamata ankafuna njovu ndi mkango. Ine zimenezo sindizikonda pa khoma la m'dera; ndi zokometsera alendo, ndipo sizinena kanthu za msewu womwe anawa akukuliramo. Atsikana anabwera ndi chojambula cha bambo akukoka troli yokhala ndi chithumba cha mabotolo ndi makatoni, mmodzi mwa aja amalawirira m'bandakucha malole a zinyalala asanadutse. Eni shopu anatutumuka. "Achimwene, pa khoma langa mukufuna muikepo wotola m'mabini?" Ndisanatsegule pakamwa, anayankha mnyamata wina yemwe bambo ake amagwira ntchito yomweyo. Anati ndalama za pa sikelo ya mabotolo ndi zomwe zimamugulira yunifolomu, ndipo botolo lililonse lokwera pa troli ya bambo ake silikafika mu Jukskei. Eni shopu anangoti kukamwa yasa, kenako n'kupempha kuti dzina la shopu tisaliphimbe basi.

Lachinayi tinalemba mizere ya choko yogawa khoma m'mabokosi, aliyense n'kutenga gawo lake. Chomwe ndimaumirira kwambiri ndi katsukidwe ka maburashi. Ngalande za mumsewu zimapita molunjika kumtsinje, madzi ake sadzera kosefera kulikonse. Ndiye timatsukira m'ndowa, madziwo agone, penti adikhe pansi. Oyerawo timathira padothi, matopewo akauma timawaponya m'bini. Kujambula mtsinje pakhoma uku ukuuthira penti, chimenecho sindingachilole.

Lachisanu masana kunagwa mvula yamatalala, mmunsi mwa chithunzi tisanamalize, moti tibwereranso Loweruka likubwerali. Kenako ndikupita ku Riverlea, komwe ana akufuna kujambula fumbi la m'milu yachikasu ya zotsalira za migodi ya golide, ija inayamba mu 1886.