Musanagule kompyuta ya pakhomo, yambani mwaganizira za magetsi

Makolo ambiri kuno ku Dedza, makamaka amene ana awo ali ku sekondale kapena ku koleji, aona kuti foni yokha sikukwanira pa ntchito ya sukulu, ndipo ayamba kufunsafunsa za kompyuta ya pakhomo. Funso limene amathamangira ndi la mtengo, koma ine ndimaona kuti loyenera kuyamba nalo ndi la magetsi, chifukwa ndi limene limagamula mtundu wa kompyuta imene ingakhalitse m'nyumba mwanu.

Magetsi ambiri a m'dziko muno amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbukira mmene anathimirathimira kwa miyezi yambiri namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Kompyuta ya patebulo, ija yokhala ndi bokosi lake ndi sikirini payokha, imazima nthawi yomweyo magetsi akathima, ndipo zimene mwana amalemba asanazisunge zimatayika. Laputopu ili ndi batire lake, choncho ntchito imapitirira. Komanso tchaja ya malaputopu ambiri imakoka mawati 45 kapena 65 basi, kutanthauza kuti banja la ku Bembeke kapena ku Linthipe limene limadalira sola ndi inveta yaing'ono likhoza kuigwiritsa ntchito popanda kuzimitsa nyale za m'nyumba. Amene akufunabe ya patebulo awerengere pamtengo wake ndalama ya UPS, kabokosi kamene kamasunga moto wa mphindi zochepa kuti munthu asunge ntchito yake ndi kuzimitsa bwinobwino. Kaya mwasankha iti, musasiye kugula chotetezera ku magetsi obwera mwamphamvu, ndipo m'nyengo ya dzinja, mphenzi zikayamba kung'anima m'mapirimu, zulani pakhoma.

Ambiri a ife timagula makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Mitundu imene inapangidwira m'maofesi, monga ThinkPad, Latitude ndi EliteBook, imakhala yolimba kuposa zina zatsopano zotchipa, ndipo zipangizo zake sizivuta kupeza mu Lilongwe. Chofunika kusamala nacho ndi msinkhu wake. Kampani ya Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imene inalowa m'malo mwake imafuna kuti processor, ubongo wa kompyuta, ikakhala ya kampani ya Intel ikhale ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Ogulitsa amakonda kutchula kuti "iyi ndi i7" ngati kuti nkhani yathera pomwepo, koma m'badwo umaoneka pa nambala imene imatsatira. Pa i5-8250U, 8 woyambayo akusonyeza m'badwo wa 8, pamene i7-4600U ndi ya m'badwo wa 4, yakale kwambiri ngakhale dzina lake likumveka lalikulu. Yakale yotereyi ikhoza kugwirabe ntchito ndi Linux Mint m'malo mwa Windows ndi LibreOffice polembera, zimene ndi zaulere, koma mtengo wake uyenera kutsika molingana ndi zaka zake.

Pa ntchito ya sukulu, kulemba makalata ndi kusunga mabuku a bizinesi yaing'ono, RAM (chikumbumtima chimene kompyuta imagwirira ntchito) ya 8GB ndi SSD (mosungira mafayilo mwamakono, mopanda chozungulira) ya 256GB n'zokwanira. Ndimalimbikira kwambiri pa SSD. Hard disk yachikale ya 1TB imakopa chifukwa cha kukula kwake, koma m'kati mwake muli mbale yozungulira imene imachedwetsa zonse ndipo sipirira kugwedezeka, pamene laputopu ya kuno imayenda m'chikwama pa minibasi ndi pa kabaza m'misewu ya mabampu.

Tsiku logula musachite changu, ngakhale wogulitsa aoneke wotanganidwa. Muuzeni azule tchaja, ndipo kompyutayo ikhale ikuyaka nthawi yonse imene mukukambirana mtengo, inu mukuyang'ana mmene moto ukutsikira. Amene amadziwako pang'ono akhoza kulemba powercfg /batteryreport mu Command Prompt, kawindo kolembamo malamulo mu Windows, ndipo lipoti limene limatuluka limayerekeza mphamvu imene batire linali nayo lili latsopano ndi imene latsala nayo. Tsegulani tsamba loyera kuti muone ngati sikirini ili ndi madontho kapena mizere, dinani batani lililonse pa kiyibodi, lowetsani fulashi m'mabowo onse, lumikizani Wi-Fi ku foni yanu, ndipo tsekani ndi kutsegula chivundikiro kangapo kuti mumve ngati mahinji akulira. Funsaninso kuti akutsegulireni BIOS, tsamba la makonzedwe limene limatsegulidwa kompyuta ikangoyaka Windows isanayambe, chifukwa makompyuta ena ochokera m'makampani akunja amabwera ndi pasiwedi imene ngakhale wogulitsayo saidziwa. Pomaliza pake, lisiti likhale ndi nambala ya kompyutayo komanso masiku amene mungaibweze ikavuta, zolembedwa ndithu, osati zapakamwa. Lisiti limakutetezani ngati katunduyo atapezeka kuti ndi wakuba, ndiponso kuchoka pa Dedza boma kupita ku Lilongwe ndi makilomita oposa 80, ulendo umene munthu sangafune kuulipira kawiri popanda pepala m'manja.

Za intaneti ndinene mwachidule. Ambiri tidzalumikiza kudzera pa foni ya Airtel kapena TNM, ndipo Windows imatha bandulo mwakachetechete ikamadzikonza yokha. M'makonzedwe a Wi-Fi muli batani la metered connection, ndipo mukalitsegula kompyuta imachepetsa kukoka zinthu zikuluzikulu musanailole.

Ikafika pakhomo, ipezereni tebulo. M'miyezi ya Juni ndi Julaye kuzizira kwa kuno kumachititsa ana kuwerengera pabedi atafunda, laputopu ili pabulangeti, ndipo ubweya umatseka timabowo ta pansi timene mpweya umalowera, mpaka kompyuta imatentha ndi kumazima yokha. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limachitanso chimodzimodzi, choncho ivundikireni ndi nsalu mukamaliza, ndipo kamodzi pachaka katswiri aitsegule kuti apukute fani.